Chiliza cha Lameki Mlongoti

Pa boda ya Mchinji, kuseri kwa mzere wa malole odikira kuwolokera ku Mwami, padali kontena yobiriwira imene Ignatius Mlongoti adaisandutsa ofesi. Ntchito yake idali ya uejenti, kulemba ndi kuyendetsa mapepala a katundu kuti a kasitomu adinde, lole idutse. Madalaivala ankamukonda chifukwa pepala likadzera m'manja mwake silinkabwezedwa. Vuto ndi lakuti iyenso ankadziwa kuti amadziwa. Ukamuuza nkhani, kaya ya mvula kaya ya maliro, ankayamba wakuyang'ana pamwamba pa magalasi ake, kenaka n'kufunsa kuti, "Zalembedwa pati?" Adali munthu wabwino mtima, wosalawa mowa, wosakwezera mkazi wake mawu, koma pa chilichonse chimene sichidatuluke m'cholembera adali nkhutukumve wotheratu.

Pakhoma la kontenayo padapachikidwa chithunzi chakale chofiirira cha mwamuna wamtali, wovala jekete ndi chipewa, ataima pambali pa ngolo ya ng'ombe. Amenewo ndiwo a Lameki Mlongoti, agogo ake, bambo a bambo ake. Ignatius sadawaonepo ndi maso, poti iye adabadwira ku migodi ya ku Zambia iwo atagona kalekale. Koma dalaivala akangolakwitsa n'kufunsa kuti achipewawo ndani, ndiye kuti tiyi wake azizira, chifukwa mbiri yake inkayambira pachiyambi penipeni.

Ndipo idali mbiri yoti n'kuinyadira, tisanamizane. A Lameki adayamba ndi mutu wawo basi. Ali mnyamata ankasenza katundu wa azungu kuchokera ku Fort Manning, dzina lakale la boma la Mchinji, mpaka ku Fort Jameson kumene lero timati ku Chipata, wapansi, nkhata ili pamutu. Atatopa nazo adalowera ku Halale, kumene adakhala zaka zisanu ndi ziwiri akuchapa, kusita ndi kuphunzira kusoka. Mu 1919 adabwerera kwawo atasenza makina osokera. Adayamba ndi kusoka zigamba pakhonde la mmwenye. Kenaka adagula abulu awiri n'kumazungulira m'midzi ndi mchere, sopo, makasu ndi nsalu za biriwita. Abulu adabala ngolo, ngolo idabala sitolo ya njerwa zootcha ndi denga la malata, imene anthu ankayenda mtunda wautali kudzangoiona, poti sankakhulupirira kuti mwini wake ndi munthu wakuda.

Komatu chimene chidawakuza dzina si sitoloyo. Adasonkhanitsa alimi a fodya, aphunzitsi ndi ogulitsa anzawo n'kuyambitsa kabungwe kokumana pansi pa mango kuseri kwa sitolo, ndipo mlembi ndi wapampando adali iwo omwe. Makalata opita kwa Disi, mzungu wolamulira boma, ankachokera m'manja mwawo: lero kudandaula za sikelo yonyenga ya ogula fodya, mawa kukana kuti amuna azigwidwa kukalambula msewu nthawi yopalira, mkucha kupempha mlatho pamtsinje umene unkakokolola ana a sukulu dzinja lililonse. Za mlathozo adalemba zaka zinayi osatopa. Boma litalola, mitengo yake adakoka ndi ng'ombe zawo zomwe, osalipiritsa munthu.

Za kunyumba kwawo Ignatius ankadziwa zochepa, chifukwa malemu bambo ake, a Felix, adali munthu wosakonda kutsegula zakale. Adangomusiyira chithunzicho ndi nkhani ziwiri. Yoyamba idali yakuti a Lameki atamwalira, a Felix ali kamwana, mwana wa mlongo wawo wa a Lameki, dzina lake Goliati, adatenga sitolo, ngolo ndi ng'ombe monga mwa mwambo wa kuchikazi, n'kuthamangitsa ana ndi mayi awo atanyamula mphasa zokha. Yachiwiri idali yakuti a Lameki adali ndi akazi awiri. Pofuna kubatizidwa adauzidwa kuti atsale ndi mmodzi, ndipo adabweza mkazi wamkulu, a Luwiza, kwawo ku Chiosya ndi mwana wawo wamkazi Esitele, n'kutsala ndi a Eliza, mayi a a Felix. "Anthu a nyumba imeneyo," ankatero a Felix, "mayi ankati sadatifunirepo zabwino." Nkhani inkathera pomwepo.

M'zaka za chipani chimodzi mbiri ngati ya a Lameki inkangonong'onedwa, poti wotamandidwa adali mmodzi. Matipate atabwera pakamwa pa anthu padamasuka, banja lililonse lidayamba kufukula akuluakulu ake. Ndiye mu 1999 munthu wina amene adagula sitolo yakale ija kuti aikemo chigayo adapeza bokosi lachitsulo kudenga, ndipo ataona dzina lolembedwa pamwamba adalibweretsa ku kontena. Ignatius adalitsegula pomwepo. Mudali makope a makalata a kwa Disi, mabuku a kabungwe, ndi ziphaso za sitolo za chaka ndi chaka, chilichonse chili ndi dzina la Lameki Mlongoti, mpaka chomaliza cha 1952. Tsiku lomwelo adalumbira kuti agogo ake sadzagonanso pansi pa udzu ngati munthu wamba. Adzawamangira chiliza choti odutsa aziima n'kuwerenga.

Chotsala chidali kupeza manda, ndipo kwa munthu wa mapepala imeneyo sidali ntchito. Adapita ku mishoni kumene agogo akewo adabatizidwira, mlembi wa mpingo n'kumutsegulira buku la maliro lodyedwa ndi chiswe m'mbali. Pa tsamba la 1953 padalembedwa bwinobwino: Lameki Mlongoti, wa sitolo, adaikidwa pa 9 Febuluwale, mzere wachitatu. Kumanda adapeza kamtanda kachitsulo kadzimbiri katapendekeka pamzere wachitatu pomwepo. Chiphaso chomaliza 1952, maliro 1953. Zidalumikizana ngati chigamba cha telala wodziwa, ndipo Ignatius adabwerera ku boda akuimba mluzu.

Patapita sabata ziwiri padamveka mawu pakhomo la kontena. "Odi kuno kwa asuweni olemera! Kodi osauka amaloledwa kulowa opanda chidindo?"

Adali Stelia, mwana wa a Esitele, mayi wa zaka pafupifupi makumi asanu amene ankabwera pa boda nthawi ndi nthawi kudzagulitsa mtedza kwa amalonda a ku Chipata. Iye ndi Ignatius adadziwana pomwepo, ndipo ankaserewulana monga achitira asuweni, ngakhale kuti Ignatius adali asanapondepo ku Chiosya.

"Lowani, asuweni, koma mtedzawo usiyeni panja, ulibe mapepala," adatero Ignatius akumukokera mpando.

Stelia adakhala, napukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje. "Lero sindinabwerere mtedza. Amayi amva kuti mukufuna kumangira agogo chiliza. Asangalala kwambiri, mpaka analira. Koma akuti musanagule ngakhale thumba limodzi la simenti, mukawaone kaye."

"Azakhaliwo ali bwanji?"

"Ukalamba basi. Maso ayamba chifunga, koma mutu uli bwinobwino. Ndikawauze kuti mubwera liti?"

"Mukawauze kuti ndamva. Malole akachepa ndidzafika."

Malole a pa boda sachepa, abale, ndipo Ignatius ankadziwa zimenezo kuposa wina aliyense. Madzulo atafotokozera mkazi wake Catherine, namwino amene adachokera ku Dedza, mkaziyo adasiya kusita n'kumuyang'ana.

"Bambo a Tamanda, mwa anthu onse amene ali moyo, amene adawaona agogo anu ndi maso ndi azakhali anuwo. Bwanji osangopita Lamlungu likubwerali? Ine ndikuperekezani."

"Iwe sukuwadziwa anthu a nyumba imeneyo," adayankha Ignatius. "Ndikudziwa chimene akufuna. Akufuna dzina la mayi awo likalembedwe pamwala pambali pa agogo, ngati kuti ndiwo adali mkazi wa mu tchalitchi. Ndikapita, ndikakana, ndiye kuti ndanyoza nkhalamba pamaso. Kuli bwino ndimalize kaye, ndidzapite ndi chithunzi cha chiliza."

"Nanga mwadziwa bwanji zimene akufuna musanawamve?"

"Make Tamanda, ntchito yanga ndi yodziwa zimene zili m'lole ndisanatsegule."

Catherine adangopukusa mutu n'kubwerera ku nsimbi yake. Mwala udaitanitsidwa ku Lilongwe, wakuda wonyezimira, ndipo amisiri adayamba kukumba maziko kuzungulira kamtanda kadzimbiri kaja.

Mu Juni Stelia adabweranso, ndipo ulendo uno sadaserewule. Adakana ngakhale mpando.

"Asuweni, amayi andituma mawu amodzi. Akuti kumene mukukumbako si kumeneko."

Ignatius adaseka mpaka kuvula magalasi. Adatsegula kabati, natulutsa fotokope ya tsamba la buku la ku mishoni, naiyala patebulo. "Werengani nokha. Dzina ili, tsiku ili, mzere uwu. Nanga iwowo akuti agogo ali kuti?"

"Ine ndawafunsa, andikanira. Ndidabadwa agogo atapita kale, ndipo za maliro awo amayi sadatiuzepo. Akuti nkhani ya kumanda satuma nayo munthu ngati mchere. Akuti mubwere ndi galimoto yanu, muwanyamule, akakulozereni okha miyendo idakali kuwalola."

"Ndiye zalembedwa pati zimenezo? Asuweni, tisavutane. Azakhali ali ndi zaka eyite kupitirira. Zinthu za zaka makumi asanu zapitazo zimasokonekera m'mutu, si mlandu wawo. Buku la mishoni silikalamba, silichita ng'ala."

Adatuma munthu kukagula shuga, sopo ndi chitenje chatsopano cha ku Zambia kuti Stelia akapereke kwa azakhali akewo. Stelia adalandira ndi manja awiri, nazimanga pamtolo wake. Ali pakhomo adacheuka.

"Shuga ndanyamula, zikomo. Koma si zimene anandituma."

Ine amene ndikusimba nkhaniyi ndimapsa mtima ndikafika apa. Munthu adali ndi galimoto, mafuta adali nawo, msewu udali wouma. Akadangopita, ngakhale kukatsutsa kumene! Koma mantha akuti akamupempha chimene sangathe kupereka, ndi mawu aja a mayi a bambo ake amene iye sadawamve n'komwe ndi makutu ake, zidamumanga miyendo. Adasankha kukhulupirira pepala chifukwa pepala silimuyang'ana munthu m'maso.

Mwambo wovundukula chiliza udachitika Loweruka lina mu Ogasiti, ndipo kudali anthu ngati kumsika. Kudabwera aphunzitsi, amalonda a pa boma, madalaivala, osintha ndalama a pa boda atavala masuti obwereka, ndi kwaya ya amayi ovala zoyera. Nsalu itachotsedwa anthu adaombera m'manja. Pamwalapo padalembedwa ndi zilembo zagolide: LAMEKI MLONGOTI, WAMALONDA, MTSOGOLERI, TATE WA ANA AMASIYE, ADAMANGA MLATHO KUTI ENA AWOLOKE. Ignatius adawerenga kalata imodzi ya kwa Disi mokweza, mawu adamuthera pakati, nalira ngati mwana. Misoziyo idali yoona, palibe angatsutse. Ku Chiosya adatumizako kalata yoitana, koma kudabwera yankho lakuti a Esitele agona pamphasa, ndipo Stelia sangawasiye okha.

"Tsopano tipite," adatero Catherine m'mawa mwake. "Chiliza chatha, chodikira palibenso."

"Zithunzi zikatsukidwa," adayankha Ignatius. "Sindingapite chimanjamanja."

Zithunzi zidatuluka Lachinayi la sabata yachiwiri. Uthenga wa maliro a a Esitele udafika Lachitatu.

Ndiye Ignatius adapondako ku Chiosya koyamba m'moyo wake, kukaona nkhope ya azakhali ake ili m'bokosi. Idali nkhope yaitali ya mphuno yowongoka, yofanana ndi ya pachithunzi cha mu kontena mwakuti adabwerera m'mbuyo. Atachoka kumanda, anthu akusamba m'manja, Stelia adamukodola. Adamutengera kuseri kwa nkhokwe pamodzi ndi Catherine, nakhala pansi pa makoko a mtedza. Maso ake adali otupa, koma mawu adali owuma.

"Asuweni, khalani pansi. Amayi ataona kuti simubwera, Lolemba anandiuza zonse kuti ndikupatsireni. Mundimvere mpaka ndimalize."

Ignatius adakhala pamwala.

"Mu 1947 agogo aakazi, a Luwiza, adachita khungu kuno. Abale awo adali atatha, wowasamala adali amayi okha, ndipo kudali njala pakhomo. Agogo aamuna atamva adamanga ng'ombe pangolo, adabwera okha mpaka pabwalo ili, n'kuwanyamula onse awiri kupita nawo kusitolo. Adawamangira kanyumba kuseri. A mpingo adabwera katatu kudzawauza kuti abweze mkaziyo, apo ayi awadula mumpingo. Mukudziwa chimene adayankha? Adati, 'Ndidamusiya ali ndi maso kuti ndilowe m'tchalitchi. Sindingamusiyenso alibe maso kuti ndikhalemo.' Ndiye adawaduladi."

"Zimenezo bambo sadandiuzepo," adatero Ignatius chapansipansi.

"Akadakuuzani bwanji? Adali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Mayi awo ndiwo adawawidwa mtima, ndipo sitingawadzudzule, mkazi aliyense zikadamuwawa. Koma amene ankawasambitsa bambo anuwo zaka ziwiri zimenezo, kuwachotsa matekenya, kuwaperekeza kusukulu pamlatho uja, adali amayi. Ankawatcha kamlongo kanga."

Stelia adapitiriza.

"Agogo adamwalira dzinja la 1949, osati 1953. Poti adali odulidwa, ku mishoni adakana kuti akagone kumeneko. Adawanyamula pangolo yawo yomwe kupita kumudzi kwa mayi awo ku Kapondo, mvula ikugwa, amayi akuyenda pambuyo pa ngolo njira yonse. Anthu amene adawalembera makalata aja ambiri sadapite, ankaopa abusa. Tsono patapita mwezi, tsiku lometa maliro, mbumba idakhala pansi n'kumulowetsa Goliati dzina la atsibweni ake, monga timachitira. Kuyambira tsiku limenelo dzina lakuti Goliati lidafa. Kusitolo, ku boma, ku tchalitchi, konse adali Lameki Mlongoti. Ndi iyeyo adathamangitsa bambo anu, ndi iyeyonso adathamangitsa amayi ndi agogo akhungu aja. Adadya chumacho zaka zinayi, namwalira. Iye sadadulidwepo, ndiye adagona ku mishoni, mzere wachitatu."

Catherine adagwira pakamwa. Ignatius adayang'ana makoko a mtedza ngati pali cholembedwa. Tate wa ana amasiye! Zilembo zagolide zimenezo adazilipira yekha, n'kuziika pamutu pa munthu amene adatulutsa bambo ake m'nyumba ndi mphasa.

Kenaka adafunsa. "Ku Kapondoko, malo ake enieni anakuuzani?"

"Ndinawafunsa. Anati, 'Malowo ndimawadziwa ndi mapazi, osati ndi pakamwa. Akadandifikitsa pamtsinje ndikadaidziwa njira.' Anayesa kufotokoza, koma mpweya unali utachepa." Apa Stelia adalephera kudzigwira. "Asuweni, dzina la mayi awo pamwala sanalitchulepo ngakhale kamodzi. Chitenje chanu chija anakana kuvala, anati adzavala tsiku lopita nanu ku Kapondo. Miyezi inayi yonseyi, galimoto ikangomveka kumsewu, ankadzuka n'kufunsa kuti, 'Kodi ndi mwana wa Felix?' Tawaika nacho lero chitenjecho."

Ignatius adalira kulira kumene sadalire pa chiliza, kulira kwa munthu amene alibe womuloza chala koma iye mwini.

Atafika kunyumba adatsegula bokosi lachitsulo lija, nayala ziphaso zonse pamkeka motsatana zaka. Sipadafunike magalasi. Mpaka 1948 dzina lidasainidwa ndi dzanja lokhazikika, zilembo zopendekera kumanja ngati za makalata a kwa Disi. Kuyambira 1950 zidali zilembo zikuluzikulu zogwedera, za munthu wogwira cholembera ngati mpini. Iye amene ankagwira siginecha yabodza pa pepala la dalaivala asanakhale n'komwe pansi adaziwerenga ziphasozo kambirimbiri osaona kanthu, chifukwa ankawerenga dzina lokha.

Loweruka lotsatira adanyamuka atatu, iye, Catherine ndi Stelia, kupita ku Kapondo. Dzina la mudzi wa mayi a a Lameki Stelia adali nalo, ndipo atafunsa pa sitolo zingapo adalozeredwa njira. Koma kumene adafika kudalibe mudzi. Kudali munda wa esiteti ya fodya, mizere yake yofika kumene maso alekeza, zigafa zaudzu zili ndandanda, ndi timisasa ta matenanti m'mphepete. Mayi wina amene ankathirira nazale ya fodya adatula ndowa yake n'kuwalonjera. Adati dzina lake ndi Benedicta.

"Mayi, tikufuna manda a mudzi umene udali pano kale," adatero Ignatius.

"Pepani bambo, ife ndife obwera, kwathu ndi ku Phalombe. Tidangomva kuti eni mudzi adasamutsidwa esiteti ikutsegulidwa, cha m'ma sevente. Ena akuti adalowera ku Zambia, ena ku Kasungu. Midzi idalipo ingapo, osati umodzi."

"Nanga manda awo?"

Benedicta adaloza ndi chibwano. "Mukuona nkhalango iyo? Akuti ndi manda. Ndi iyo kutsidyako, akutinso ndi manda. Idaliponso yachitatu cha apo pali chigafa chachitali, koma ija adaidula kalekale, ife tisanabwere, mitengo yake adamangira zigafa. Pano timalimapo."

"Ya mudzi uti idali iti?"

"Aa, bambo, zimenezo ndiye mukadafunsa akuluakulu a konkuno. Ife tingakunamizeni."

Adayenda wapansi mpaka m'mphepete mwa nkhalango yoyamba. Kumanda salowa popanda eni ake, ndipo eni ake kudalibe. Adangosuzumira pakati pa ziyangoyango. Mudalibe mtanda, mudalibe mwala, mitumbira idali itaphwa kalekale n'kufanana ndi nthaka. Adawolokera ku nkhalango yachiwiri, adapeza chimodzimodzi. Pobwerera adadutsa pambali pa chigafa chachitali chija, Ignatius akuponda mosamala ngati pali minga. Pakati pa mundawo adaima, navula chipewa, nafuna kugwada, koma sadadziwe koyang'ana. Adatembenukira uku, natembenukira uko, chipewa chili m'manja, mpaka Catherine adamugwira pamkono n'kumutsogolera kugalimoto.

Chiliza cha ku mishoni adafuna kukachigumula, koma akulu a mpingo adamuletsa, nati wogona pansipo nayenso m'buku ndi Lameki Mlongoti, ndipo manda a munthu sasewera nawo kawiri. Chidakalipo mpaka lero, chonyezimira kuposa zonse pamzere wachitatu, ndipo ana a sukulu amaima n'kuwerenga za mlatho. Ignatius sadapondekonso.

Zaka zotsatira, tchuthi chilichonse, ankatseka kontena n'kuyamba ulendo. Adafika ku Kasungu, adawolokera ku midzi ya kuseri kwa Chipata, kufunafuna aliyense wobadwira m'mudzi uja. Munthu amene adakana kufunsa nkhalamba imodzi yomuitana adagwada pamaso pa nkhalamba makumi, zosamudziwa n'komwe, akuwomba m'manja. Wina ankati nkhalango ya kumtsinje, wina ankati ya kutsidya, wina ankati idadulidwa ija, ambiri ankangoti adali ana. Amene adayenda pambuyo pa ngolo m'mvula adali mmodzi yekha, ndipo adamudikira miyezi inayi.

Akale sadaname pamene adati safunsa adadya phula.